Zimene kwaya ingamuphunzitse munthu woyankhula pagulu

Mu Blantyre muno kwaya imatha kukumana kangapo pa sabata kukonzekera nyimbo ya mphindi 4. Lamulungu lomwelo, m'tchalitchi momwemo, mlembi wa mpingo amaimirira ndi pepala la zolengeza za mphindi 15 limene sanaliwerengepo mokweza ndi kamodzi komwe. Kwaya imamveka mpaka kumsewu. Mlembi uja, ngakhale ali pa maikolofoni, a kumbuyo amangogwedezana kuti, "Akuti a Mvano akumana liti?" Nthawi zina mlembiyo ndi yemwe uja amaimba besi m'kwayamo. Kholingo ndi lomwelo, mapapo ndi omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti poimba pali zinthu zingapo zimene amachita mwadala, koma poyankhula amangozisiya kuti zichitike zokha.

Ambiri timati kuyankhula pagulu n'chibadwa, wakutiwakuti anabadwa nako. Chibadwa chilipo ndithu. Koma zambiri zimene zimachititsa kuti munthu amveke pamaliro, pachinkhoswe, m'kalasi kapena pamsonkhano wa kuntchito ndi luso la thupi, ndipo kuno kwathu malo amene luso limeneli limaphunzitsidwa ulere, sabata ndi sabata, ndi kupulakatisi ya kwaya. Chofunika ndi kudziwa chotenga kumeneko ndi chosiya, chifukwa si zonse za m'nyimbo zimene zimakhala bwino m'kuyankhula.

Tiyambe ndi kumene mawu amachokera. M'kholingo muli timinofu tiwiri tofewa, kutalika kwake mwina masentimita 2 kapena kucheperapo. Mpweya ukamatuluka m'mapapo, timinofu timeneti timatseguka ndi kutsekeka mofulumira kwambiri: kwa bambo woyankhula ndi pafupifupi ka 120 pa sekondi, kwa mayi ka 200 kapena kuposerapo. Munthu wodziwika kuti anayamba kutiona tikugwira ntchito mwa munthu wamoyo sanali dokotala. Anali mphunzitsi wa zoimba wa ku Spain, Manuel García, amene m'chaka cha 1854 anaika kagalasi ka madokotala a mano kukhosi kwake n'kuwunikira ndi dzuwa. Kuyambira pamenepo oimba ndi madokotala a mawu akhala akubwerekana nzeru. Mukawerengetsera, mphunzitsi wamayi amene timinofu take timagundana ka 200 pa sekondi, pa ola limodzi la mawu okhaokha tagundana ka 720,000. Ndiye ganizirani wa Sitandade 1 ku Ndirande kapena ku Bangwe, kumene kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo. Kuti Lachisanu afike mawu atasasa n'zosadabwitsa.

Timinofu timeneti patokha tilibe mphamvu. Mphamvu ndi mpweya. Akwayamasitala akamakuwa kuti "Imbani kuchokera m'mimba!" satanthauza kuti mpweya umalowa m'mimba. Pansi pa mapapo pali mnofu waukulu wopingasa, wa diaphragm, umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba. Pokoka mpweya mnofuwu umatsika, n'kukankha zam'mimba, ndipo mimba ndi nthiti za m'munsi zimatukuka. Munthu wogwidwa mantha amachita zosiyana: amalimbitsa mimba, amakweza mapewa, amakoka kampweya kochepa ka pamwamba, ndipo ntchito yonse imatsalira khosi. Mawu onjenjemera aja a munthu amene waitanidwa mwadzidzidzi kuti "tiyankhulireni m'malo mwa akubanja" amachokera pamenepa.

Komabe vuto la oyankhula ambiri si kuchepa kwa mpweya. Mpweya uli ngati malipiro a pamwezi: ambiri amaudyeratu sabata yoyamba. Mawu atatu oyambirira amatuluka mwamphamvu, kenako chiganizo chimayenda pa ngongole. Woimba amaphunzira kuutulutsa pang'onopang'ono nthiti zidakali zotambasuka. Mukhoza kuyesa muli chiimire: ikani manja m'mbali, pamwamba pa chiuno pamene pathera nthiti, kokani mpweya mpaka manjawo akankhidwe, kenako tulutsani ndi "sss" wosadukiza, wosakwera ndi wosatsika. Poyamba ambiri amalekezera pa masekondi ochepa, ndipo phokosolo limayamba lamphamvu n'kufooka. Cholinga si kupikisana kuti ndani afike patali. Cholinga n'chakuti "sss" wa kumapeto afanane ndi wa poyamba.

Apa pali nkhani imene ikutikhudza ife oyankhula Chichewa mwapadera. M'chiyankhulo chathu mawu amanka natsika chiganizo chikamapita kumapeto. Phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto timalikoka, lomaliza nthawi zambiri timalimeza. Pocheza pakhonde palibe vuto. Koma taonani kumene timaika uthenga. Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu: onsewa amayamba chimodzimodzi, kusiyana kuli kumchira. Makumi awiri, makumi atatu, makumi asanu, chimodzimodzinso. Tsiku, nthawi, malo ndi ndalama zimakonda kubwera kumapeto kwa chiganizo, pamene mawu atsika kale ndiponso mpweya watha. N'chifukwa chake anthu amatuluka mumsonkhano wa makolo kusukulu atamva zonse kupatula tsiku ndi ndalama yake. Woimba saloledwa kuchita zimenezi. Liwu lomaliza la mzere amaligwira mpaka dzanja la wotsogolera litatseka.

Pitani kupulakatisi iliyonse, kaya ku Chilomoni kaya ku Zingwangwa, mukaone zimene zimadya nthawi. Si mawu okoma ayi. Akwayamasitala amaimitsa nyimbo pakati, kuwomba m'manja kamodzi: "Amayi a aluto, mwapumira pakati pa liwu. Mpweya tikukokera apa, tisanalowe mzere wachitatu. Tibwereze." Wina amatulutsa pensulo n'kuika kachizindikiro papepala lake la d r m f s, kalembedwe kaja ka nyimbo kamene John Curwen anafalitsa ku England m'zaka za m'ma 1800 kenako kanafika kuno ndi amishoni. Kachizindikiro kameneko ndiko chinthu choyamba chimene woyankhula ayenera kubwereka. Tengani chiganizo chimene timamva pamaliro: "Akubanja apempha kuti mwambo wa kumanda ukatha tonse tibwerere kuno kusiwa chifukwa pali mawu ochokera kwa amfumu." Wosakonzekera amachithamangitsa ndi mpweya umodzi, kapena amapuma pomwe wabanikira, mwina pakati pa "mwambo" ndi "wa kumanda". Wokonzekera amachidula motsatira ganizo: akubanja apempha kuti, kupuma, mwambo wa kumanda ukatha, kupuma, tonse tibwerere kuno kusiwa, kupuma kotalikirapo, chifukwa pali mawu ochokera kwa amfumu. Chigawo chilichonse chili ndi mpweya wakewake, ndipo womvera ali ndi kanthawi kolandira chimodzi chisanabwere china.

Kumveka patali ndi nkhani ina, ndipo ambiri amaisokoneza ndi kukuwa. Katswiri wa ku Sweden, Johan Sundberg, anafufuza m'zaka za m'ma 1970 chifukwa chimene woimba mmodzi wa opera (zisudzo zoimbidwa za ku Ulaya) amamvekera pamwamba pa gulu lonse la zida zoimbira popanda chimkuzamawu. Anapeza kuti oimbawa, makamaka amuna, amaumba kukhosi kwawo mwanjira yoti mawu awo amakhala ndi mphamvu yapadera cha pa 3,000 Hz (msinkhu wokwera, wa kugwedezeka ka 3,000 pa sekondi), pamene zida zambiri zimakhala zitafooka komanso pamene khutu la munthu limamva msanga. Sikuti amaposa zidazo phokoso. Mawu awo amadutsa pampata. Ife sitikufuna kuimba opera, koma mfundo yake ikutikhudza: chimene chimafikitsa mawu kumbuyo ndi mmene mkamwa ndi kukhosi mwatsegukira, osati mphamvu imene mwafinyira pakhosi.

Amayi ogulitsa masamba m'makwalala a Chirimba kapena Machinjiri amazidziwa bwino izi. Samakuwa. Amakoka liwu limodzi, "Masambaaa," pamalo amodzi okwera pang'ono, pakamwa patatseguka, ndipo mumamva muli kubafa nyumba zinayi kutsogolo. Mawa abweranso mawu ali bwinobwino. Yerekezani ndi anyamata oitanira minibasi ku Limbe kapena pa Wenela, amene ambiri mawu awo ndi okandika ngakhale akungocheza. Phokoso la mawu limayenda pa a, e, i, o, u, ndipo Chichewa chinatikomera mtima: pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa limodzi la malembo asanu amenewa. Amene samveka nthawi zambiri ndi amene amayankhula mano ali pamodzi, nsagwada zosayenda.

Pofuna kumva kumene mawu ayenera kukhala, oimba amayamba ndi kuimba chotseka pakamwa, "mmm," mpaka milomo ndi mphuno zichite ngati zikuyabwa. Kenako amatsegula, "mmm-maa," osalola kuti mawu abwerere kukhosi. Aphunzitsi a zoimba amakondanso liwu la "ng'" chifukwa limakokera mawu kutsogolo kwa nkhope, ndipo ife tili nalo kale poyambira mawu: ng'oma, ng'ombe, ng'ona. Kutchula amenewa mokoka kwa mphindi ziwiri musanalowe m'kalasi ndi kutenthetsa mawu kokwanira. Njira inanso, imene katswiri wa sayansi ya mawu Ingo Titze wa ku America anaitchukitsa, ndi yoimbira m'kapaipi komwera zakumwa. Lowetsani nsonga yake pang'ono m'kapu ya madzi, muziimba "uuu" mokwera ndi motsika, madziwo azichita thovu mosalekeza. Mpweya wina umabwerera m'mbuyo n'kuthandiza timinofu tija kuti tizigwedezeka mosagundana mwamphamvu. Zimaoneka zachibwana, ana akuonani aseka, koma madokotala a mawu amapatsa odwala awo zomwezi.

Tsopano chenjezo. Kubwereka luso la oimba sikutanthauza kuyankhula moimba. Chichewa ndi chiyankhulo chimene kukwera ndi kutsika kwa mawu kumasintha tanthauzo, nkhani imene akatswiri monga Pulofesa Al Mtenje aifufuza kwa zaka zambiri. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba mofanana, koma khutu limasiyanitsa chifukwa wina umakwera pamene winayo sukwera. "Ndinapita" amatha kunena za lero lomwe kapena za kalekale malinga ndi mmene mwamukwezera. M'nyimbo zambiri za m'tchalitchi, zimene mawu a Chichewa anaikidwa pa maimbidwe a ku Ulaya, zimenezi zimaphwanyidwa ndipo timakhululuka chifukwa mawuwo timawadziwa kale. Poyankhula palibe chikhululukiro chotero. Owulutsa mawu ena ndi ma MC ena a paukwati amatengera kakwezedwe ka Chingerezi cha pa wailesi zakunja n'kukaveka pa Chichewa, mpaka agogo amafunsa ngati mwanayo ndi wakonkuno. Chimene mungasunthe momasuka ndi msinkhu wa chigawo chonse: mfundo yatsopano iyambire pamwamba pang'ono, mawu ongowonjezera atsike, koma m'kati mwa liwu lililonse musiye mmene Chichewa chimafunira.

Msinkhu woyambira ndi wofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Aliyense amene anakhalapo pamaliro anamvapo nyimbo imene woyambitsa waitengera pamwamba: ndime yoyamba imayenda, pofika pakolasi amayi ayamba kukuwa, abambo angosiya. N'chifukwa chake kwaya imapatsidwa kiyi isanayambe. Mantha amakweza mawu, choncho woyankhula amene sanadzipatse kiyi amayambira pamwamba ndipo sakhalanso ndi kokwerera. Njira yachidule yopezera msinkhu wanu ndi kuvomera chamumtima ngati mukuvomereza nkhani ya mnzanu, "mm-mm, eee," n'kuyambira moni wanu pomwepo. Ndinene mosabisa kuti alaliki ena atizoloweza zolakwika. Amayamba ndi moto pa vesi loyamba, mawu okhadzula, kupuma kulikonse kuli "ha!", ndipo pakatha mphindi 10 khutu lazolowera, silikusiyanitsanso chachikulu ndi chaching'ono. Alaliki akale ambiri ankayamba motsitsa mpaka anthu kusendera kutsogolo, moto n'kubwera nthawi yake. Nyimbo yoimbidwa mofuula kuyambira poyamba mpaka pomaliza palibe kwaya imene ingapambane nayo mpikisano.

M'nyimbo, malo opanda mawu amalembedwa ndipo amawerengedwa; woimba akalowa msanga walakwitsa ngati amene waphonya kiyi. Oyankhula timaopa kachetechete, ndiye timatseka mpata uliwonse ndi "ndiye kuti", "kwenikweni", "eti", kapena "Aleluya" amene sakutamanda aliyense koma akungogulira nthawi. Masekondi awiri a chete amaoneka aatali kwa amene waima kutsogolo yekha. Kwa omvera ndi nthawi imene mfundo ikukhazikika. Kuitana ndi kuvomera nakonso ndi chuma chathu: wanthano akati "Padangokhala," ife "Tili tonse," amakhala akuyeza ngati tidakali naye, komanso akudzipatsa mpata wokoka mpweya. Funso limodzi loikidwa pamalo pake limadzutsa holo yonse. Koma "Tikumvana?" wobwera pakutha pa chiganizo chilichonse amasanduka phokoso.

Liwiro limadaliranso malo. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku HHI, chimene David Clement Scott ndi amisiri akuno anamanga ndi njerwa pakati pa 1888 ndi 1891, chinamangidwa kulibe zokuzira mawu. M'nyumba zotere za makoma olimba ndi denga lalitali mawu amachedwa kuzimirira. Nyimbo zimakoma nazo, koma woyankhula mothamanga liwu lake latsopano limagwera pa lakale lisanathe, zonse n'kusakanikirana. Mmenemo muyenera kuchepetsa liwiro ndi kutchula bwino malembo monga ph, th, kh, ts, osati kuwonjezera mphamvu. Panja, pansi pa tenti ya maliro, vuto ndi losiyana: palibe khoma lobweza mawu, ndipo mtunda ukawirikiza kawiri phokoso limatsika ndi madesibelo (muyeso wa kukula kwa phokoso) pafupifupi 6. Pamenepo yang'anani munthu wa mzere womaliza, muziyankhula ndi iyeyo. M'kalasi ya malata mvula ikamagwa musapikisane nayo. Dokotala wa ku France, Étienne Lombard, analemba mu 1911 kuti munthu amakweza mawu mosadziwa pakakhala phokoso, ndipo ndi mmene aphunzitsi, ogulitsa mumsika ndi ocheza m'mabala amaphera mawu awo osazindikira. Lembani pabolodi, mvula ikachepa mupitirize.

Za maikolofoni n'zachidule. Isiyeni mpata wa chibakera chimodzi kuchokera pakamwa, musaiphimbe kumutu ndi dzanja, ndipo musaikuwire, ntchito yokuza ndi yake. Koma konzekerani ngati kulibe, poti magetsi amatha kuzima mawu a mwini mbumba ali pakati.

Kuti kuimba ndi kuyankhula n'zolumikizana koma si chinthu chimodzi, umboni wake uli kuchipatala. Anthu ambiri achibwibwi sachita chibwibwi akamaimba, ngakhalenso akamawerenga pamodzi ndi gulu, chifukwa kugunda kwa nyimbo kumawapatsa nthawi yoti liwu lililonse ligwerepo. Mu 1973 akatswiri a ku Boston, Martin Albert, Robert Sparks ndi Nancy Helm, anafotokoza njira yothandizira anthu amene sitiroko inawononga mbali ya kumanzere ya ubongo n'kuwalanda kuyankhula: wodwala amatchula mawu afupiafupi moimba, pa misinkhu iwiri yokha, uku dzanja lake lamanzere likugundidwa motsatira maphatikizo, kenako nyimboyo imachotsedwa pang'onopang'ono. Gabby Giffords, phungu wa ku America amene anawomberedwa m'mutu mu 2011, anathandizidwanso ndi nyimbo pophunziranso kuyankhula. Komabe tisapitirire malire. Kuimba sikuchiza chibwibwi. Nyimbo ikatha nthawi zambiri chimabwerera. Kuuza mwana wachibwibwi kuti "tangoimba" pamaso pa anzake n'kumuchititsa manyazi chabe. Chimene tonse tingatolepo n'chakuti kugunda kokhazikika kumathandiza pakamwa. Pokonzekera, werengani zoyankhula zanu uku mukugunda chala patebulo pa liwu lofunika la chigawo chilichonse, ndipo mudzamva nokha pamene mukuthamanga.

Chinthu chimene kwaya ili nacho koma woyankhula alibe ndi khutu la munthu wina. Mawu anu mumawamva kudzera m'mafupa a mutu wanu omwe, choncho kwa inu amamveka okulirapo ndi onona kuposa mmene amafikira kwa ena. N'chifukwa chake munthu akamvetsera uthenga wa mawu umene watumiza pa WhatsApp amadabwa kuti ndi iyeyo. Foni yomweyo ndi akwayamasitala anu. Iikeni pampando kumapeto kwa chipinda, yankhulani mutaimirira ndiponso mokweza ngati tsikulo lafika, kenako mvetserani chinthu chimodzi chokha pa ulendo uliwonse: ulendo uno mathero a ziganizo, ulendo wina popumira. Kuwerenga chamumtima muli pabedi si pulakatisi, monganso kwaya singakonzekere pongoyang'ana pepala. Ngati muli ndi mnzanu wosakunyengererani, mukhazikeni kumbuyo mumuuze kuti akweze dzanja paliponse pamene liwu lamudutsa. Ndipo oimba amadziwa kuti poyambira ndi pothera ndi pamene pamagwa anthu, ndiye ziganizo ziwiri zoyamba ndi chomaliza muzilowezeretu. Malonje a kwathu ndi aatali, kuyambira amfumu, abusa, akuluakulu a boma mpaka amayi ndi abambo. Kuwalemba m'ndondomeko yake kumakupulumutsani kuti musathere mpweya ndi nzeru musanafike pa nkhani. Zonsezi sizingam'patse munthu chonena ngati alibe. Zimangothandiza kuti chimene ali nacho chifike.

Pomaliza pali kasamalidwe ka mawuwo. Nyengo ya chiperoni mu June ndi July imabwera ndi chimfine, ndipo fumbi la September ndi October limaumitsa kukhosi. Onjezani utsi wa mbaula ndi fumbi la choko. Oimba ambiri amakhulupirira tiyi wa jinja, uchi ndi mandimu, ena mpaka dzira laliwisi. Zotentha zimatonthoza kukhosi, koma chimene mwameza sichidutsa pa timinofu ta mawu. Chikanadutsa pamenepo mukanatsamwa. Chothandiza ndi madzi akumwa tsiku lonse, osati kapu imodzi pomwe mwaitanidwa kutsogolo, komanso nthunzi ya madzi otentha imene imafikadi pamalopo. Mawu akasasa, apumitseni. Kunong'ona mokakamiza kumawatopetsanso, ndipo kukhosomolakhosomola pofuna kuyeretsa kukhosi kumagundanitsa timinofu tija mwankhanza. Ndi bwino kumeza malovu kapena kumwa madzi pang'ono. Kukakamira kuyankhula mawu atasasa ndiko kumabweretsa tizotupa tolimba pa timinofu timeneti, vuto lodziwika pakati pa aphunzitsi, alaliki ndi oimba. Ngati mawu akhala osasa kupitirira masabata atatu kapena anayi popanda chimfine, makamaka kwa wosuta fodya, kapena ngati pali kuwonda, chifuwa chosatha kapena kuvutika kumeza, imeneyo si nkhani ya jinja. Yambirani kuchipatala cha m'dera lanu, akaona kuti n'koyenera akutumizani ku Queens, kumene kuli madokotala a makutu, mphuno ndi kukhosi amene angathe kuyang'ana m'kholingo momwemo.